Burashi, laputopu kapena makina: mpamba woyamba wa wolemba zikwangwani upite kuti?

Mu Disembala, mnyamata amene ndinamuphunzitsa kugwira burashi anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka zitini za penti. Gulu la banki mkhonde la mayi ake linali litagawana ndalama, ndipo mayiwo anamupatsa gawo lawo lonse kuti akulitsire ntchito yake yolemba zikwangwani. Anakhala pa chidebe chozondotsa n'kundifunsa kuti, "Bambo, ndigule chiyani? Anzanga akuti burashi inatha fasho, ndalamayi ndingoiponya pa makina."

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo. Ndalama imene mayi wasonkha chaka chonse pogulitsa mandasi siyoyankhira mothamanga. Tinakambirana masiku angapo, njira imodzi ndi imodzi, ndipo pa njira iliyonse ndinkamufunsa mafunso atatu: imadya mpamba wochuluka bwanji, magetsi akazima imaima kapena imapitirira, nanga zipangizo zake zimagulidwa ndi kwacha kapena zimatsata dola? Kumbuyo kwa mafunso onsewa kuli mfundo imodzi. Chimene mwini golosale amakulipirani n'chakuti munthu amene ali m'minibasi awerenge dzina la shopu yake minibasiyo isanadutse. Luso limenelo limakhala m'maso ndi m'manja mwanu, ndipo chida chilichonse chomwe mungagule chimangolinyamula.

Burashi ndi penti

Iyi ndi njira imene inandilera, choncho mundilole ndikhalitsepo pang'ono.

Mpamba wake ndi wochepa kuposa njira zonse: maburashi angapo osiyana makulidwe, penti wa mafuta wolembera pa malata ndi pa zitseko zachitsulo, penti wa madzi wa pakhoma wotchedwa PVA, thinala, choko, chingwe, rula yaitali ndi makwerero. Penti amapangidwa konkuno, makampani ngati Rainbow Paints alipo, ndipo m'mahadiweya a pa boma lililonse mumamupeza, ngakhale m'zitini zing'onozing'ono. Simudikira katundu wochokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Magetsi azime sabata yathunthu, inu ntchito ikuyenda.

Amene amati burashi inatha sanaone mmene khoma limalembedwera. Mumayamba mwapaka choko pachingwe, wina agwire mbali iyi inu mbali inayo, n'kuchikoka pakati ndi kuchisiya chimenye khoma. Patsala mzere woongoka ngati wa rula. Mzere wina pamwamba, wina pansi. Kenako mumawerenga zilembo za dzinalo, kupeza chapakati, ndi kuyambira pamenepo kupita uku ndi uku, kuti musafike kumapeto kwa khoma zilembo zitatu zikadali m'manja. Apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wongopaka. Chilembo cha M chimafuna malo aakulu, I amafuna kamalo kochepa. A akayandikana ndi V pamaoneka mpata waukulu ngakhale mwayeza mofanana, ndiye mumawayandikizitsa. H akatsatana ndi I mumawatalikitsa pang'ono. Rula siingakuuzeni zimenezi. Mumatsika pamakwerero, kuwoloka msewu, kuyang'ana, n'kubwerera kukafufuta choko. Ine penti sindimutsegula ndisanawoloke msewu kawiri.

Pali kalamulo kamene amisiri ambiri amagwiritsa ntchito: pa mamita 3 aliwonse a mtunda umene wowerenga waima, chilembo chitalike masentimita 2.5. Shopu ikakhala mamita 30 kuchokera pamsewu, zilembo za dzina zisachepere masentimita 25. Makasitomala ambiri amafuna kuti mulembe chilichonse chimene amagulitsa, kuyambira sopo mpaka machesi. Auzeni mwaulemu kuti dzina likule, nambala ya foni ioneke, zinazo anthu akaziona akalowa.

Ntchito ya burashi ilipo yambiri kunja kwa mizinda ikuluikulu: magolosale, masaluni, zigayo, sukulu za mkaka, matchalitchi ndi mizikiti, ziliza, ngolo, mabwato a kunyanja ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay. Aliyense woyenda mumsewu wa M1 waona mashopu athunthu atapakidwa kufiira kwa Airtel kapena kubiriwira kwa TNM. Pakhoma la simenti lokhakhala sitika siigwira, ndipo banner imang'ambika ndi mphepo ya mwera. Pamenepo penti alibe mnzake.

Kuipa kwake ndikuuzeninso. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula imakudulani masiku ambiri, ndipo khoma lonyowa likapakidwa penti amatukusira n'kusupuka. Thupi ndi limodzi, simungakhale pamakwerero awiri. Mukadwala ndalama yaima. Fungo la thinala limalowa m'chifuwa mukamagwirira m'kachipinda kopanda mawindo. Penti wofiira amafwifwa msanga padzuwa kuposa mitundu ina, makamaka pakhoma loyang'ana kumadzulo, ndipo mukapanda kumuchenjeza kasitomala adzati munamuikira penti wachabechabe. Chachikulu n'chakuti kampani ikafuna chizindikiro chake pa zinthu 50 zofanana ndendende, dzanja silingapikisane ndi makina.

Kujambula pafoni kapena pa laputopu, kusindikiza kwa ena

Achinyamata ambiri akulowera khomo ili. Ndi PixelLab kapena Canva pafoni, munthu amapanga makadi a ukwati ndi chinkhoswe, mapositala a misonkhano ya mapemphero, zolengeza maliro, zotsatsa malonda za pa WhatsApp ndi Facebook. Zofunika kusindikiza mumapita nazo kwa amene ali ndi makina ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe kapena mumzinda wa Mzuzu, n'kuikapo phindu lanu pamwamba. Mvula siikukhudzani. Mumagwira ntchito usiku. Kasitomala akhoza kukhala m'bale wathu amene ali ku Cape Town, wofuna khadi la mwambo umene uchitikire ku Ntcheu, ndipo ndalama imafika pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Koma foni ili ndi malire ake. Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho, ndipo mukachikulitsa kuti chidzaze banner ya mamita 3 chimasweka, m'mbali mwa zilembo mumaoneka ngati mwadyedwa ndi chiswe. Mapulogalamu a pakompyuta monga CorelDRAW, imene mashopu ambiri osindikiza amagwiritsa ntchito, Adobe Illustrator, kapena Inkscape imene ndi yaulere, amajambula zilembo ngati mizere yoti ikule mmene mungafunire osasweka. Fayilo yotereyi amaitcha vector, ndipo ndi yokhayo imene makina odula sitika amawerenga. N'chifukwa chake laputopu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, imakutsegulirani makomo amene foni singatsegule.

Tinthu tina ting'onoting'ono timene timadya phindu. Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp mwachizolowezi, chimafinyidwa n'kutaya kuwala kwake. Tumizani ngati document. Mitundu ya pasikirini imawala kuposa ya inki, makamaka buluu wowala ndi wobiriwira, choncho onetsani kasitomala chitsanzo chosindikiza asanavomereze oda yaikulu. Ndiponso si font (mtundu wa zilembo za pakompyuta) iliyonse imene ili ndi chilembo cha ŵ. Mungasankhe zilembo zokongola za chikwangwani cha Chitumbuka, chomwe chili ndi mawu ngati ŵana ndi ŵanthu, n'kupeza kuti pamalo pa ŵ patuluka kabokosi kopanda kanthu. Yesani font musanaikonde, muonenso mmene ikulembera kankhodolero (') ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi.

Ine ndinapsapo pa dzina. Ndinapanga banner ya ukwati, mkwati anandiuza dzina lake pafoni, ine ndinalemba Pilirani. Iye amalemba Pirirani, ndipo ndi mmene lilili pa chiphaso chake. L ndi R kwathu kuno amasinthana m'kamwa, koma papepala mwini dzina amadziwa lake. Banner inasindikizidwanso ndi ndalama yanga, usiku wa Lachisanu, ukwati uli mawa lake. Kuyambira pamenepo dzina lililonse, tsiku lililonse ndi nambala iliyonse kasitomala amazilemba yekha pa meseji, ndipo sindisindikiza asanayankhe kuti wavomereza. Safunsa anadya phula.

Vuto lalikulu la njira iyi ndi mtengo. Aliyense amene ali ndi foni ndi mpikisano wanu, ndipo anthu amavutika kulipira chinthu chimene sangachigwire m'manja. Mudzamva kawirikawiri mawu akuti "tangopangani kaye tione." Mukatumiza chithunzi choyera, chapita. Tumizani chokhala ndi dzina lanu modutsa pakati mpaka ndalama italowa. Chinanso, mukamatuma kasitomala kuti akatenge yekha katundu kwa wosindikiza, tsiku lina adzapitako osadzera kwa inu. Katengeni nokha, mukapereke nokha.

Makina odula sitika ndi heat press

Apa ndi pamene mtima wa mnyamata uja unali. Ndipo sanalakwe kwenikweni, chifukwa mwa makina onse awa ndi amene amabweza ndalama msanga kwa munthu wamng'ono.

Makina odula, amene ambiri ndi a mainchesi 24 m'lifupi, ali ndi kampeni kakang'ono kamene kamatsata mizere ya fayilo yanu pa mpukutu wa vinyl, pulasitiki yopyapyala yomata imene sitika zimapangidwira. Mukadula mumachotsa zosafunika ndi kansonga, ntchito yofuna kudekha makamaka pa zilembo zing'onozing'ono, kenako mumanyamula zilembozo ndi tepi n'kukazimata pagalasi la shopu, pachitseko cha galimoto, pa minibasi kapena pa thanki ya njinga yamoto ya kabaza. Makina omwewo amadula vinyl ya pansalu, imene heat press, makina opanikiza motentha ngati simbi, imamata pa tisheti ndi kutentha kwa madigiri 150 mpaka 160 kwa timasekondi 10 kapena 15. Manambala a majezi a mpira wa bonanza, mayina a makwaya, mayunifolomu a sukulu za mkaka, zonsezi ndi ntchito za tsiku limodzi. Wodziwa burashi amapezanso phindu lina: makinawa amadula stencil, chikombole chobooledwa chimene mumaika pakhoma n'kupaka penti pamwamba pake, ndipo chizindikiro chovuta cha kampani mumachipaka pakhoma chikufanana ndendende ndi cha papepala.

Tsono funso la magetsi. Makina odula ndi laputopu amadya moto wochepa, batire ndi inverter ya sola zikhoza kuwayendetsa. Heat press ndi nkhani ina, imakoka mawati oposa 1,000, ngati mbaula yamagetsi, ndipo kasola kapanyumba sikangaitukule. Amene tinali pantchito mu 2022 tikukumbukira. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo anzathu a makina ankadzuka pakati pa usiku kuti apezerepo mwayi magetsi akayaka. Amene anali ndi ngongole ya makina anaona zakuda.

Funso la dola ndi lowawanso. Vinyl, timipeni, tepi, matisheti opanda zolemba, pafupifupi zonse zimachokera kunja, kudzera pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anapereka kotesheni sabata imodzi n'kukagula zipangizo sabata yotsatira anagwira ntchito yaulere. Choncho wogula makinawa asathere ndalama yonse pa makina. Makina opanda mipukutu ya mitundu inayi kapena isanu pashelefu ndi chokongoletsera m'nyumba basi.

Pa matisheti ochuluka a mtundu umodzi kapena iwiri ya inki, musaiwale screen printing, kusindikiza pokanikiza inki kudzera pa sefa. Felemu yathabwa mungakhome nokha, nsalu ya sefa, mankhwala a emulsion amene mungawaumitse ndi kuwala kwa dzuwa, inki ndi chokokera chake cha labala. Mtundu uliwonse umafuna sefa yakeyake, ndiye pa matisheti 5 n'kutaya nthawi, koma pa matisheti 200 a msonkhano wa Amayi a Mvano kapena a Dorika, heat press imatsalira kutali, ndipo magetsi simuwafuna kwenikweni. Sublimation, njira yolowetsa inki m'makapu ndi m'majezi ndi kutentha, pa nsalu imagwira pa polyester yoyera kapena yowala yokha. Imeneyo ndi yoonjezera pambuyo, si yoyambira.

Printer yaikulu ya ma banner

Pano sindichedwapo. Kwa munthu amene akuyamba kumene, ayi.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makinawa amafuna chipinda chopanda fumbi, magetsi osadukaduka, ndi ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa akakhala osagwira ntchito inki imauma m'mutu wosindikizira, ndipo mutuwo ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa makina onsewo. Okonza ali m'mizinda ikuluikulu. Mukakhala ku Mchinji kapena ku Karonga mudzalipira thiransipoti ndi malo ogona a mmisiri musanalipire ntchito yake. Ambiri amakopeka ndi nyengo ya kampeni, monga ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, pamene ma banner ndi nsalu zinali ponseponse. Nyengo imeneyo imabwera kamodzi pa zaka zisanu, pamene ngongole imafuna kubwezedwa mwezi ndi mwezi. Lolani ena asenze mtolo umenewo, inu muzigula kwa iwo pa mtengo wa mita imodzi n'kugulitsa luso lanu pamwamba.

Makasitomala a ndalama yapamanja kapena mabungwe

Kusankha chida ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi kusankha amene mukumugwirira ntchito.

Mwini saluni amalipira pang'ono koma amalipira lero. Sukulu, bungwe lomwe si la boma kapena khonsolo amabweretsa oda yaikulu, koma amafuna mapepala: satifiketi yolembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesi, kotesheni ndi invoyisi zooneka bwino. Wofuna kugulitsa ku boma amalembetsanso ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Mabungwe amadula msonkho wa withholding tax asanakulipireni, ndipo malipiro amatha kutenga mwezi kapena kuposa. Ndinagwirapo ntchito ya zikwangwani khumi za bungwe lina ndi zipangizo zangongole, ndalama inatuluka patatha miyezi itatu, phindu lonse litathera kwa amene anandikongoza. Walira mvula walira matope. Maganizo anga ndi akuti mulembetse bizinesi msanga, koma musalandire oda ya bungwe imene simungathe kuigulira zipangizo ndi ndalama yanuyanu n'kukhalabe ndi chakudya kunyumba.

Pa katchulidwe ka mtengo, amisiri akale ankawerengera pa chilembo. Njira imeneyo imakupweteketsani pa dzina lalifupi la zilembo zikuluzikulu, lomwe limadya penti wambiri ndi tsiku lathunthu. Kuwerengera pa sikweya mita kumayenda bwino pa banner ndi sitika. Pa khoma ine ndimawerengera ntchito yonse: penti, thinala, thiransipoti, wondigwirira makwerero, masiku anga, kenako phindu. Kujambula kwa pakompyuta ndimakulemba pamzere wakewake pa kotesheni, kuti kasitomala azolowere kuti nakonso ndi ntchito. Dipoziti ikhale yokwana zipangizo zonse, kawirikawiri theka la mtengo kapena kuposerapo, ndipo kotesheni ilembedwe kuti ikugwira ntchito masiku 7 okha. Achibale ndi a kutchalitchi kwanu ndi amene adzakuyeseni kwambiri pa dipoziti. Mukafuna kuwathandiza, tsitsani mtengo wa dzanja lanu, koma wa penti alipire.

Za malo ogwirira ntchito, shopu ya lendi m'tauni ndiyofunika pokhapokha muli ndi makina ofuna kutsekeredwa ndi makasitomala obwera okha. Wa burashi ndi laputopu, shopu yake ndi makoma amene walemba. Pansi pa chikwangwani chilichonse, pakona, lembani dzina lanu ndi nambala ya foni m'tizilembo tating'ono. Jambulani khoma lisanalembedwe ndi litalembedwa, muike pa status. Ntchito zanga zambiri zinabwera kudzera pa kakona kameneko.

Ikachuluka ntchito, musathamangire kulemba munthu wapamwezi. Yambani ndi wophunzira amene azipaka penti woyamba wa pansi (undercoat), kudzaza m'kati mwa zilembo zimene inu mwazungulira kale, ndi kuchotsa zosafunika pa sitika, ndipo muzimulipira pa ntchito iliyonse. Ena amabwera atadutsa kale m'makoleji a ntchito zamanja, kumene kuli maphunziro a Painting and Decoration oyang'aniridwa ndi TEVETA. Amenewo amadziwa kukonza khoma ndi kusakaniza penti, chotsala n'kuwaphunzitsa diso la zilembo. Adzachoka tsiku lina kukayamba zawo, monga anachitira mnyamata wangayu, ndipo zimenezo n'zoyenera.

Zimene tinagwirizana

Ndinamufunsa kuti anditchulire ntchito zimene anakana m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayo chifukwa chosowa chida. Anatchula makadi a ukwati awiri, chizindikiro cha sukulu ya mkaka chimene ankafuna pa fayilo, ndi khoma lalitali la chigayo limene analephera chifukwa makwerero obwereka sanafike. Ya sitika inali imodzi yokha. Printer yaikulu palibe anamufunsapo.

Ndiye ndalama ya mayi ake tinaigawa patatu. Gawo lalikulu linagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya batire yolimba, ndipo anaikamo Inkscape kuti miyezi ya mvula ino aphunzire kujambula zilembo za vector, kwinaku akupanga makadi ndi mapositala. Gawo lachiwiri linagula makwerero akeake ndi maburashi abwino atatu. Lotsala analisunga ngati ndalama ya zipangizo, yosakhudzidwa ndi za pakhomo, kuti oda ikabwera asakagogode kwa wakatapila.

Makina odula sitika sitinawataye. Ndinamupatsa kope la masamba 96, ndipo ntchito iliyonse ya sitika kapena tisheti imene azikadulitsa kwa ena azilemba tsiku, ndalama imene walipira, ndi thiransipoti. Msika wa fodya ukatsegulidwa mu Epulo, anthu akayamba kukonza mashopu ndi kumanga ziliza, tidzatsegula kopelo limodzi. Ndalama yopita kwa odula ikadzakhala ikubwerezabwereza sabata ndi sabata, adzagula makina odula poyamba, heat press pambuyo, ndipo adzagula ndi phindu lake.

Loweruka lapitali kunacha bwino, ndipo anapita kukalemba khoma la chigayo lija ndi makwerero ake atsopano. Madzulo ananditumizira chithunzi. Mpata wa pakati pa G ndi A unali wotakasuka pang'ono, ndinamuuza, ndipo anati Lolemba adzera komweko ndi kachitini ka penti woyera.